Kwa Mkazi wa Mlakatuli ku Fort Lister

Ndinanyamuka ku Jenala Loweruka m'mawa, buku la mbiri ya mlakatuli wa kwathu kuno lili m'jumbo. Malemuwa ndinkawalemekeza kuyambira ndili ku sekondale, moti ndakatulo yawo ya chikondi ndinailakatula pa ukwati wanga, amayi mpaka nthungululu. Tsono bukuli, lomwe analemba mphunzitsi wina wa ku Zomba, likuti ndakatuloyo sanalembere akazi awo, analembera mayi wina wotcheza kachasu. Mkazi wanga atawerenga tsambalo anatseka buku n'kupita kukachapa. Ndinaganiza zokamva kwa mayi wamasiyeyo.

Wanjinga yamoto anakana kutsitsa mtengo, ati mafuta akusowa, chonsecho potsetsereka paliponse ankazimitsa injini. Pa Migowi ndinadya chinangwa chophika podikira kuti minibasi idzaze. Bambo wina wogula nandolo, amene tinapanikizana naye pampando, anaona chithunzi pachikuto n'kunena kuti mlakatuliyo ankamudziwa ali mphunzitsi: ankafika kusukulu ataledzera n'kugona patebulo, ana akudziphunzitsa okha. Ndinamuuza kuti zimenezo zilimo m'bukumu. Anadabwa kuti alipo anthu ogula buku kuti amve zomwe Migowi yonse ikudziwa.

Kuchoka pa boma ndinakwera lole yopita ku Fort Lister, Michesi uku, Mulanje uku, ife m'fumbi pakati. Ndinafika dzuwa lili paliwombo.

Mayiwo ndinawapeza pakhonde akusenda kalongonda. Anandiyalira mkeka, ndipo nditazungulirazungulira ndi nkhani za mvula, ndinafunsa za ndakatulo ija. Anati wa ku Zomba uja sananame, kungoti anali pachangu.

"Mayi wa kachasuyo sankadziwa kuwerenga," anatero. "Pepalalo anabwera nalo pakhonde pompano kuti ndimuwerengere. Ankadziwa bwino kuti ine ndine ndani, koma owerenga m'mudzi muno tinali ochepa."

Ndinafunsa ngati anamuwerengeradi.

"Yonse, mokweza. Inali yokoma. Ine bambo anuwo chomwe anandilemberapo ndi dzina pathumba lopita nalo kuchigayo."

Anati amuna awo atabwera madzulo anawaikira madzi osamba monga mwa masiku onse, kenako anawauza kuti ndime yachitatu ikutsimphina. Malemuwo anakwiya, osati chifukwa chogwidwa ayi, koma chifukwa cha ndimeyo. Kutacha anaikonza. Yomwe ana amaloweza kusukulu ndi yokonzedwayo.

Pobwerera ndinakhala pamwamba pa matumba a nandolo, ndikuganiza zoti ndikamuuze mkazi wanga. Ndinapita kumeneko ndikufuna kuti mayiwo anene kuti buku linanama, apo ayi alire kuti ndipeze pomudera mlakatuliyo. Iwo anangondidyetsa kalongonda n'kundiperekeza kumsewu. Lole itaima pa boma ndinatsegula buku kuti ndione zomwe linanena za iwo. Mayi wa kachasu anapatsidwa mutu wathunthu. Akazi a mlakatuliyo anapatsidwa mzere umodzi, ndipo dzina lawo analilemba molakwika.