Mphuno Yotsekeka pa Maliro a Mng'ono Wanga

Ndinadzuka kusanache, mphuno zonse ziwiri zitatsekeka ngati botolo la palafini lotseka ndi chitsononkho. Linali tsiku loika m'manda mng'ono wanga, kuno ku Oshawa, m'dziko la Canada. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo, ena atagona pakapeti, zitenje atafunda pamwamba pa majuzi. Kwathu amuna amachezera panja, pamoto. Kuno panja panali sinowo, chipale choyera chogwa ngati mvula, choncho tinachezera m'galaja, pa kahita kamodzi. Chimfine chinandipeza kumeneko.

Ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi: kulankhula kumanda m'malo mwa banja. Wamkulu wotsala ndine. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma pamaliro sindinachititsepo mtundu wathu manyazi.

Ndinalowa kubafa kukayesa mawu. Ndimati ndinene kuti malemu sankamwa mowa. Zinatuluka n'zakuti balebu sankabwa bowa. Ndinayesa manja, panatuluka banja. Ndinamina mpaka makutu kulira. Sizinasinthe.

Mng'ono wangayo anali injiniya pafakitale ya magalimoto. Ndiye anandiitanitsa kuno mkazi wanga atamwalira, n'kundipatsa chipinda m'nyumba mwake. Anali ndi nthabwala imodzi imene sinkakalamba. "Achimwene, kuno ku Canada bwana ndine. Tatchulani kamodzi kokha, bwana." Ine ndinkamukumbutsa kuti ndinamubereka kumsana mamina ali chuchuchu, ndipo mwana amakhala mwana. Anthu onse obwera pakhomo pano ankaidziwa nkhondo yathuyi. Ngakhale kuchipatala anayesanso, akuseka, timapaipi tili m'mphuno. Ndinakana.

Kutayera, kukhitchini kunayamba phokoso. Nkhuku zinkakazingidwa pachitofu, mpunga m'mapoto amagetsi mpaka pansi pakhonde la m'kati. Anthu anayamba kufika, a ku Markham, a ku Oakville, Amalawi ndi anzathu a ku Chipata ndi ku Lusaka. Nsapato zinaunjikana pakhomo ngati pamsika wa kaunjika. Aliyense amene ndinamupatsa moni ankandigwira dzanja nthawi yaitali. Ankaganiza kuti mawu anga atha ndi kulira. Ine sindilira pagulu.

Ndinaitana mwana wamkazi wa malemu, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chimayenda ndi ndodo. Ndinamuuza kuti andiperekeze kufamase. Bambo ake akadwala chimfine ankamwa timapiritsi tofiira, mphuno n'kutseguka. Ndinkafuna tomweto.

Tinazungulira mashelefu osatiwona. Wantchito wina anatilozera kumapeto kwa sitolo, kwa mayi wa chovala choyera. Mankhwalawo amatchedwa sudoefedirini, ndipo amene tinkafunawo amasungidwa kuseri kwa kauntala. Sungotola ngati sopo. Umayamba wafunsidwa. Ndinafunsa chifukwa chake. Mwanayo anamasulira kuti pali anthu amene amagula ambiri n'kukaphika mankhwala ozunguza bongo.

"Muwuze kuti ndine mkulu wa mpingo," ndinatero. "Chimene ndimaphika ndi tiyi."

Mayiyo anamwetulira, koma mafunso sanasiye. Zaka zanga. Mtima wanga. Mankhwala amene ndimamwa m'mawa. Nditatchula a BP anagwedeza mutu. Kenaka anafunsa china, ndipo mwanayo anayang'ana pansi.

"Adadi aakulu, akuti... mumapita bwino ku... kumadzi?"

"Kumadzi kuti? Kunyanja?"

"Ayi. Madzi anu aja."

Funso lotero, kudzera pakamwa pa mwana wanga! Ndinayang'ana kudenga. Mayiyo anamvetsa yekha.

Mayiyo anafotokoza mwaulemu, zimenezo sindingamunamizire. Mankhwalawo amafinya timitsempha ta m'mphuno kuti mpweya udutse. Koma safinya m'mphuno mokha. Amakweza BP, amathamangitsa mtima, amabalalitsa tulo, ndipo kwa mwamuna wachikulire amene madzi amatuluka kale movutikira, amatha kutsekeratu njira. Anati kwa ine asandigulitse pokhapokha dokotala wanga atavomera. Anandipatsa kabotolo kopopera m'mphuno. Ndinafunsa kuti muli chiyani. Madzi a mchere. Ndinawoloka nyanja pandege kudzagula madzi a mchere. Ndinapopera m'galimoto. Mphuno sinamve.

Kutchalitchi kunadzaza mpaka ena anaimirira kukhoma, majasi ali m'manja. Nyimbo zinayimbidwa m'Chichewa, achinyamata akutsatira ndi milomo yokha. Ine ndinkapumira kukamwa ngati nkhuku ya m'chilimwe. Potuluka, bambo wina wa ku Lusaka, mnzake wa malemu wapabawo, anandikokera pambali n'kundifumbatitsa timapiritsi tiwiri tofiira.

"Ba mdala, mwani utu. Mphuno izaseguka manje manje."

Ndinatiika m'thumba la jekete. Ndimayesa palibe waona. Koma mlamu wanga, mkazi wa malemu, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo maso ake sagona ngakhale akulira. Bokosi likukwezedwa m'galimoto, anandigwira mkono.

"Alamu, dzenje takumbitsa limodzi. BP yanu ndimayeza ndine."

Ndinapita kukakwera galimoto. Mkulu sadzudzulidwa pakhomo la tchalitchi.

Tinanyamuka mondondozana, magalimoto onse atayatsa nyali masana. Sinowo anali atayamba kusungunuka, m'mbali mwa msewu muli matope akuda. Azungu ena ankaima kutipatsa njira, ndipo mkulu wina pamphambano anavula chipewa. Zimenezo ndinaziyamikira. Ine ndinakhala kumbuyo, botolo la madzi lili pambali panga, dzanja lili m'thumba. Ndikanamwa pamenepo, pofika kumanda mwina ndikanalankhula ngati munthu. Ndikapanda kumwa, ndikaimirira pamaso pa madokotala ndi maloya n'kunena za bowa. Ndinayang'ana kutsogolo. Mlamu wanga anali atatsamira paphewa la mwana wake. Anthu awiriwa alibe wamkulu wina kuno. Ndinatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu.

Msewu wotsalawo ndinaugwiritsa ntchito. Ndinasanthula mawu anga monga asankhira nyemba, kutaya onse amene akanandipereka. Mulungu ndinati ndidzatchula Chauta. Malemu adzakhala wagonayu. Za mowa ndidzangoti sankaledzera.

Kumanda kunali mphepo yochokera kunyanja, yolowa mpaka m'mafupa. Adzukulu a makasu kulibe kuno. Dzenje linakumbidwa ndi makina, dothi ataliphimba ndi kapeti wobiriwira ngati likuchititsa manyazi. Abusa anapemphera mwachidule chifukwa cha kuzizira. Kenaka ananditchula.

Ndinaimirira. Ndinathokoza onse obwera. Ndinanena za kubadwa kwake, za sukulu yake, za ntchito yake, za chitseko chake chosatsekera alendo. Ndinayenda pakati pa mawu ngati wodutsa pa minga wopanda nsapato, ndipo sindinapondepo. Mawu ankamveka ngati akuchokera m'chidebe, koma anali olongosoka. Amayi ankavomera. Ndinadziwa kuti ndapambana.

Anandipatsa kafosholo ka dothi. Ndinasuzumira m'dzenje n'kuona bokosi. Pamenepo sindinaonenso injiniya. Ndinaona kamnyamata kaja kolemera kumsana, kogwira makutu anga powoloka mtsinje. Ndinaiwala kusankha nyemba. Ndinathira dothi n'kunena mokweza kuti pita bwino, mwana.

Manda onse anamva: "Pita bwino, bwana."

Woyamba anali mlamu wanga. Anaphulika kuseka, misozi ili mbwembwembwe, mpaka anzake anamugwira. Kuseka kunayenda mzere wonse. Bambo wa ku Lusaka uja anaponya chipewa m'mwamba.

"Awina malemu! Pa last awina!"

Abusa anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Achinyamata ankafunsana m'Chingerezi chimene chachitika, ndipo atauzidwa anayamba kuseka pamene ife tinkamaliza. Ndikanatha kukweza dzanja n'kunena kuti yalankhula ndi mphuno. Ndinayang'ana mlamu wanga. Chiyambire matenda a mwamuna wake ndinali ndisanaone mano ake. Ndinabweza fosholo n'kubwerera pamalo panga.

Kunyumba anthu anadya, nkhani ili yomweyo. Aliyense wondipatsa mbale ankati landirani, achimwene a bwana. Sindinaseke. Koma mpunga ndinadya, ndi nkhuku yomwe.

Dzuwa likulowa anthu anabalalika, ena kuthamangira sitima. Pakhomo panatsala nsapato za eni nyumba. Ndinatulutsa timapiritsi tija n'kutiika m'manja mwa mlamu wanga. Anatiwerenga ndi maso, tonse tiwiri, n'kunena kuti akatisiya kufamase akatitaye. Anandibweretsera beseni la madzi otentha ndi thawulo, ndinafukiza nkhope, n'kupoperanso madzi a mchere aja. Iye ndi mwana wake anakwera kukapumula.

Ndinatsala ndekha pabalaza. Firiji inkalira kukhitchini. Mpando wa malemu unali pamalo pake pafupi ndi zenera, bawo lili pansi pake. Patapita kanthawi mphuno ya kumanzere inatseguka, mpweya wozizira n'kulowa. Ndinayesa mowa. Unatuluka mowa. Ndinayesa mwana. Anatuluka mwana, bwinobwino.

Ndinayang'ana kumasitepe. Kunalibe munthu. Ndinatembenukira kumpando uja, mphuno ili yotseguka, n'kutchula liwu linalo. Kamodzi kokha, monga ankafunira mng'ono wanga.