Ndege Yonunkha Nsatsi

Ndikukumbukira bwino lomwe tsiku limene ndege inagwera pa bafa lathu ku Kawale. Musaseke ayi. Amene amandidziwa ku Area 23 kuno akudziwa kuti ine Yotamu sindinama, ndipo ndikayankhula mawu anga amakamveka kuseri kwa msika. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma mutu uwu sutaya kanthu.

Wandikumbutsa ndi mdzukulu wanga Tadala. Sabata yatha wabwera ndi foni, akuti, "Agogo, tandithandizani kusankha." M'fonimo muli tindege ta zidole touluka ndi rimoti, tina toyera, tina totuwa, tina tofiira, tina tachikasu. Bambo ake amuuza kuti asankhe yotchipa. Iye akufuna yoti izitembenuzika m'mwamba, iziuluka chagada. Ndinaona kuti akungondiseka, kuti mdala uyu angadziwe chiyani. Sakudziwa kuti ine ndege yotereyi ndinainyamula ndi manja awa agogo ake aakazi ndisanawaone n'komwe.

Inali nthawi imene ankamanga Kapitolo, likulu latsopano la boma. Malole a mchenga ankadutsa tsiku lonse, fumbi lofiira n'kumalowa mpaka m'mano. Bambo anga anali ku migodi ku Joni, ndiye pakhomo tinalipo awiri, ine ndi mayi anga a Nambewe. Mayi ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu kwa anthu opita ku ntchito yomanga. Oyandikana nafe, a Nachisale, nawonso ankakazinga. Vuto linali loti za mayi zinkatha dzuwa lisanafike pamutu, za a Nachisale zinkabwerera kunyumba m'beseni. Chinsinsi chake ndinkachidziwa ine: mayi sankaumira nthochi. Koma anthu safuna chifukwa chophweka chotero.

Kenako mwana wa a Nachisale anadwala malungo, n'kuchira, n'kudwalanso. Manong'onong'o anayamba. Mayi akafika pa mpopi, azimayi ankangoti zii, n'kumayang'ana ndowa zawo. Anzanga anauzidwa kuti asamadye kwathu. Mawu akuti mfiti panalibe amene anawatchula poyera, koma ngakhale ine, mwana wa zaka khumi, ndinkawamva akuyenda m'mipanda. Ndipo ndinkadziwa zimene zinachitikira mayi wina kumunsi kwathu: anamugwetsera nyumba, anachoka ndi kamtolo pamutu.

Tsikulo linali Loweruka, mwezi wotentha uja mango asanapse. Mayi anali atapita ku msika kukagula nthochi. Ine ndinali pansi pa mtengo ndikupinda mawaya a galimoto yanga. Ndinangoona chithunzithunzi chadutsa pansi, popanda phokoso lililonse, kenako tswaa! mu udzu wa bafa.

Ndinapita monyang'ama. Inali italowetsa mphuno mu udzu, mchira uli m'mwamba. Ndege yeniyeni, anthu inu, mapiko, matayala, zenera, zonse, koma yotalika ngati kutambasula manja anga awiri. Mtundu wake wotuwa ngati mitambo. Nditaikoka inandidabwitsa kupepuka, ngati yopangidwa ndi chiwale. Ndinasuzumira pa zenera, munalibe munthu. Kumphuno kunali kainjini kofunda, konyowa mafuta, ndipo mafutawo anandimata m'manja. Ndinanunkhiza.

Nsatsi.

Fungo la mafuta a nsatsi mwana aliyense ankalidziwa, ndi amene asing'anga amathira mu nsupa zawo. Ndipo tonse tinkamva kuti ndege za afiti mafuta akazithera zimagwa masana, anthu akuona. Tsono iyi yadza yopanda phokoso, yopanda woyendetsa, ikununkha nsatsi, ndipo pa makomo onse a mu Kawale yasankha pakhomo pa a Nambewe. Ndinaona nyumba yathu ikugwetsedwa. Ndinaona mayi ali ndi kamtolo pamutu.

Ndinathamanga nayo ku khola la nkhuku. Inakana kulowa, ndinaipendeketsa, phiko linakhula pakhomo, mpaka inalowa. M'katimo munali nkhuku yathu yakuda ikufungatira mazira, inandijompha pamkono koma sindinamve. Ndinafunditsa ndegeyo chiguduli n'kutseka. Ndinene zoona, poti ndakalamba: mantha analipo, koma kamtima kena kankati zikazizira, ndege imeneyi ikhala yanga. Anzanga onse anali ndi magalimoto a mawaya. Wa ndege panalibe.

Ndinasamba m'manja ndi phulusa, kenako mchenga, kenako kasopo ka mayi kochapira. Fungo osachoka. Ndikupukuta m'kabudula, ndinamva mawu kumpanda.

"Iwe Yotamu, chadutsa apa n'chiyani?"

Anali a Nachisale, atagwira m'chiuno.

"Khwangwala, amayi."

"Khwangwala wotuwa? Wamatayala?"

Analowa osaodira. Anayang'ana bafa lophwanyika, anayang'ana ine, kenako anakweza mphuno n'kununkhiza mpweya ngati munthu wofuna kudziwa ngati ndiwo zapserera. Anatuluka mofulumira, chitenje chikukokeka pansi.

Nthawi imene inatsatira sindidzaiiwala. Ndinakhala pa khonde, galimoto ya mawaya ili pamiyendo, ndikunamizira kupinda. Anthu anayamba kubwera awiriawiri, osalowa, kungoima kumpanda. Azimayi a pa mpopi, anyamata a pa bawo, ana amene ankaletsedwa kudya kwathu. Nkhuku ija ikangoti kwee m'khola, ndinkayang'ana kumpanda kuona ngati amva. Ndinaganiza zoitulutsa n'kukaiponya m'chimbudzi, koma maso onse anali pa ine.

Mayi anafika dengu la nthochi lili pamutu. Anaima, n'kuyang'ana khamulo.

"Kwagwanji? Kuli maliro?"

"Ndege yanu yatera, a Nambewe," anatero a Nachisale. "Taiona ndi maso. Mwana wanu waibisa."

Mayi anatembenukira kwa ine. "Yotamu, pali chimene wabisa?"

"Ayi, amayi."

Anandikhulupirira. Chimenecho ndiye chimandiwawa mpaka lero. Anakankha chitseko n'kunena mokweza, mawu anga aakuluwa ndinatengera kwa iwo, "Lowani! Fufuzani paliponse! Mukapeza kanthu, nyumba iyi muigwetse nokha, ine ndikuthandizani."

Analowadi. Anavundukula mphasa, anasuzumira mu mtsuko, anakhuthula thumba la mgaiwa, mpaka anatsegula sutikesi ya bambo. Ine ndinkawerenga malo otsala. Kuchipinda atha. Kukhitchini atha. Kwatsala bafa, chimbudzi ndi khola. Mnyamata wina anali atayamba kale kulowera kuseri.

Ndiye kunamveka belu la njinga.

Anali a Gondwe, bambo wa kumpoto amene ankakonza mawailesi pa khonde la sitolo ina ku Biwi. Munthu wamtali, wovala tayi ngakhale Loweruka, thukuta lili chuchuchu. Pakhosi anapachika kabokosi kachitsulo kokhala ndi timitengo tiwiri ndi waya wautali ngati wa wailesi.

"Pepani, wawa," anatero ndi Chichewa chawo chokoka chija. "Ndayenda khomo ndi khomo kuchokera ku bwalo la mpira. Alipo waona ndege yanga?"

A Gondwe anayang'ana nkhope imodziimodzi mpaka anafika pa ine. Ndinapukusa mutu.

"Chabwino," anatero. "Tiyeni tiifunse yokha."

Anasolola waya uja, n'kukankha kamtengo kamodzi. Ku khola kunamveka nzii, nzii, kenako phaphapha, mchira ukumenya bango. Nkhuku yakuda inakuwa ngati yagwidwa ndi vumbwe, inaphwanya kachitseko n'kuulukira pamitu pa anthu. Anthu inu, kuthawa kwake! Bambo wina wonenepa analumpha mpanda umene sakanaulumpha ngakhale atalonjezedwa mbuzi, nkhwaila imodzi n'kutsala pabwalo pathu. A Nachisale anabisala kuseri kwa mtengo wa mango akukuwa, "Mwamva! Mwamva nokha!"

Mayi sanathawe. Anangondiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinakwawira m'khola n'kuitulutsa, ili ndi zitosi paphiko, mchira ukugwedezeka m'manja mwanga ngati wa nsomba yamoyo. Anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono.

"Nunkhizani!" anatero a Nachisale. "Si nsatsi imeneyo? Ndikunama?"

A Gondwe anaseka. "Ndi nsatsi ndithu, mama. Mafuta ake amasakaniza ndi a nsatsi kuti injini isaume. Inasiya kulira chifukwa mafuta anatha."

Bambo ameneyo ankadziwa mawailesi koma anthu a ku Kawale sankawadziwa. Mawu amenewo ndiye anaipitsiratu zinthu. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Wavomera yekha. Ndiye kuti awiriwa amayendera limodzi." Mnyamata uja wa kuseri anatola mwala. Ndinauona ndi maso angawa.

Apo mayi anatula dengu lawo. Nthawi yonseyi linali likadali pamutu. Anapita kwa a Gondwe n'kunena, "Bambo, tandibwerekani kabokosiko." Anakatenga, n'kuyenda nako mpaka pa mtengo wa mango.

"A Nachisale, gwirani."

"Ine? Ndife?"

"Mukuopa chiyani? Mwati ndege ndi yanga. Ngati ndi yanga, inu siingakumvereni. Kankhani apa, anthu aone."

Anthu anayamba kuti, "Kankhani, kankhani!" A Nachisale anatambasula chala chimodzi, maso atatsinzina. Anakankha. Mchira m'manja mwanga unapita kumanzere. Anatsegula diso limodzi, n'kukankhira kwina. Mchira unapita kumanja. Anabwerezanso, mwina osakhulupirira, ndipo unawamveranso.

Kenako bambo wa nkhwaila imodzi uja, amene anabwera kudzatola inzake, anati, "Aa, a Nachisale, koma mukuiwongolera bwinotu. Munaphunzira liti?"

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. Mwala uja unagwa pansi wokha. Ana anayamba kulimbirana kabokosi, aliyense afuna akankheko, ndipo a Nachisale anazemba osatsanzika.

Anthu atabalalika, mayi anakhala pa khonde n'kuyamba kusenda nthochi. Anangoti, "Unandilumbiritsa bodza pamaso pa anthu." Basi. Khutu anandipotokola mawa lake, litapola kale bodzalo, koma linawawabe.

Chilango china chinali chokoma: anandituma ndinyamule ndegeyo mpaka ku Biwi, a Gondwe akukankha njinga pambali. M'njira anandiuza kuti anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Zinalipo zitatu. Ina inali yaikulu, yonyezimira, koma iwo anasankha yotchipa pa zonse, yamatabwa ofewa oti ikathyoka umangomata ndi guluu. "Ndege yochita masewera m'mwamba imagwa ndithu, mwana wanga," anatero. "Usagule imene ikagwa udzalira." Cholakwa chawo, akuti, chinali mtundu. Anaitembenuza chagada, inalowa m'mitambo, yotuwa pa zotuwa, osaionanso kuti mutu uli kuti, mphepo n'kupita nayo.

Loweruka lotsatira anali ataipenta yofiira piriwiri, ndipo pansi pa phiko analemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinaiona ikuuluka pa bwalo la mpira, ikulira ngati mavu chikwi, ikukwera, ikutembenuka, ikubwera chagada pamwamba pa magolo, kautsi konunkha nsatsi kakutsalira m'mbuyo. Theka la Kawale linalipo. Mayi sanapite, anati ali ndi zokazinga. Manong'onong'o sanathe tsiku limodzi ayi, a Nachisale anatha chaka osatipatsa moni. Koma pa mpopi azimayi anayambanso kucheza mayi akafika, ndipo nyumba yathu bambo anadzaipeza ili chiimire.

Ndiye Tadala atandionetsa foni ija, ndinamuuza mokweza mpaka aneba anasuzumira. Ndinati, yaikulu yonyezimirayo isiye. Tenga yotchipa, yoti ikathyoka umata, ndipo ufunse ngati zopukusa za kumphuno zimapezeka zapadera, chifukwa udzathyola zambiri. Yoyerayo ayi, yotuwayo ndiye usayerekeze. Tenga yofiira. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Imanunkha chiyani?" ndinamufunsa.

"Agogo inunso! Ndi ya batire. Sinunkha kanthu."

Zinthu zasintha, inde. Masiku ano tindege ta makamera timazungulira pamwamba pa ukwati, azimayi n'kumatiimikira manja akuvina, palibe wolumpha mpanda. Koma ine wailesi ndimamvera, ndipo ndimamvabe za amayi okalamba othamangitsidwa pakhomo pawo chifukwa mwana wa neba wadwala. Ndege zasintha msanga kuposa anthu. Choncho ndinamuuza chomaliza, kuti ikangofika, asanaiulutse n'komwe, alembe dzina lake ndi nambala ya foni pansi pa phiko, zilembo zazikulu zoti ngakhale ine ndiwerenge. Sudziwa khomo limene idzagwere, ndiponso sudziwa zimene akunenedwa mayi wa pakhomopo.

Anaseka, n'kupita kukauza bambo ake kuti wasankha yofiira. Ine ndinatsala pa khonde. Nditaona kuti palibe akundiona, ndinanunkhiza m'manja mwanga.