Diso la akamwini pakhonde la amayi

Loweruka ndinatsika minibasi pa Naisi, n'kukwera kabaza kupita kwathu kwa Malemia kukaona amayi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala padzuwa pafupi ndi bafa, bondo litatupa ngati papaya. Pakhonde lakumaso, pomwe akhala akusendera nandolo chibadwire changa, panalibe ngakhale mkeka.

"Amayi, mthunzi uli kumaso, nanga inu mukudziwotcheranji kuno?"

"Kumasoko kuli apongozi," anandiyankha monong'ona.

Apongozi akewo ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga, ndipo ali ku Joni. Mbuzi imodzi itabedwa, anatumiza kamera ya sola, n'kuuza mmisiri kuti ayikhome pamwamba pa chitseko. Zonse zochitika pakhonde amazionera pafoni pawo.

Inu a kwathu kuno mwaiona kale ngoziyo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye amayi angavule bwanji duku, angatambasule bwanji miyendo, angadye bwanji mango, akamwini ali tong'oo pakhoma tsiku lonse?

Basi anasamukira kuseri m'nyumba yawo yomwe.

Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, omwe m'mawa uliwonse ankabwera kudzawadzutsa, nawonso analeka. Chifukwa? Tsiku lina foni inalira kuchokera ku Joni, kufunsa kuti mayi watuluka ndi beseni la madeya uja ndi ndani. Mungabwererenso inu?

Khomo lakuseri lili ndi sitepe yaitali. Apo ndi pomwe amayi anagwa, ali ndi ndowa m'manja. Anakhala pansi mpaka dzuwa kufika pamutu, akuitana, mpaka Abiti Saidi omwe aja anawamva ali kudimba. Madzulo ake alamu anaimba mosangalala, ati aona okha, zonse zili bwino, nkhuku zalowa.

Ndinapsa mtima, ndipo sunaphwebe mpaka lero.

Koma alamu anga sali okha. Ife ana a m'tauni tikamasankhira makolo kamera timafunsa mafunso anzeru kwabasi. Kodi imaona mumdima? Mvula ikagwa siilowa madzi? Netiweki ya kumudzi ikwanitsa? Wogulitsa timamufunsa, mmisiri timamufunsa, ngakhale anzathu a kuntchito timawafunsa. Mwini khonde yekha ndiye sitimufunsa.

Ndipo tisanamizane. Kamera zambiri sitigulira nkhalamba ayi. Timadzigulira tokha, kuti tizigona tulo tabwino poti "tawaona". Kamera siidzutsa munthu akagwa, siitunga madzi, siifunsa kuti mwadzuka bwanji. Ikaikidwa mosaganiza imangothamangitsa anthu omwe amachita zimenezo.

Sindikuti zitayeni. Akuba alikodi. Koma afunseni eni khonde kuti kamerayo iyang'ane kuti, ndipo aziionera ndani.

Ndisananyamuke ndinakwera pampando n'kuitembenuzira kukhola la mbuzi.

"Achoka?" anafunsa amayi, akusuzumira pakona.

"Apita kukhola, amayi."

Anayala mkeka, kuvula duku, n'kundituma kuti ndikaitane Abiti Saidi.

Ndisanafike n'komwe pamsewu, foni inalira. Alamu, mawu ali m'mwamba.

"Mwaitani kamera ija? Amayi sindikuwaona!"

"Mukufuna kuwaona, alamu? Mabasi ochokera ku Joni analeka kuyenda?"