Chipinda chimene Mayi Agatha sankaonetsa munthu

Ketrina Kalekeni anakulira ku Chilomoni, mu Blantyre. Ali mwana, akamutuma kwa aneba kukabwereka sefa, ankachedwa kubwerako. Sikuti ankasewera panjira ayi. Ankaima pakhomo la eni ake n'kumasuzumira mkati, kufuna kudziwa chimene chinali kuseri kwa katani. Zinkamudabwitsa kuti nyumba ziwiri zofanana kunja zinkasiyana kwambiri mkati. Mayi ake ankamukalipira kuti anthu adzamutcha wamiseche.

Atakula anaphunzira za malo ndi nyumba, n'kugwira ntchito zaka zingapo ku Lilongwe. Kenako mwamuna wake, Isaac, anapeza ntchito ya makompyuta ku Glasgow, ku Scotland, ndipo anasamukira kudera la Maryhill mumzindawo pamodzi ndi mwana wawo Joanna, m'fulati yoyang'ana ngalande yodutsamo maboti. Ketrina analembanso mayeso ena mpaka anavomerezedwa kukhala saveya wowerengera mtengo wa nyumba. Tsopano ankalowa m'nyumba za anthu atanyamula tochi, makwerero opinda ndi kachipangizo koyezera chinyontho m'makoma, eni ake n'kumamutsegulira okha zitseko.

Kutchalitchi kumene Amalawi ambiri ankapemphera, anthu ankakonda kumufunsa funso limodzi pa nthawi ya tiyi: kodi saveya amayenera kufika pamalopo, kapena angathe kungoona zithunzi? Iye ankayankha kuti zimatengera ntchito yake. Nthawi zina banki imangofuna mtengo wongoyerekeza, ndipo malamulo a ntchito yawo amalola kuwerengera uli pa ofesi, bola mugwirizane kaye ndipo ulembe momveka kuti nyumbayo sunaione. Koma munthu akafuna kugulitsa nyumba yake poyera kuno ku Scotland, lipoti limene ogula amawerenga limafuna kuti saveya alowe ndithu.

Lamlungu lina amene anafunsa funsoli anali Mayi Agatha. Anali namwino wopuma pantchito, ndipo ankakhala okha ku Partick, dera lina la mumzinda womwewo, pamwamba penipeni pa nyumba yakale yamiyala, chimwalirireni amuna awo, Bambo Sylvester. Mawondo anali atayamba kukana masitepe, choncho ankafuna kugulitsa fulatiyo kuti akakhale m'nyumba ya pansi, pafupi ndi mwana wawo Hope ku Gorbals.

"Amake Joanna," anatero atamukokera pambali, "ine zithunzi ndili nazo, zooneka bwino. Khitchini, bafa, kuchipinda. Simungalembe nazo zimenezo?"

"Pogulitsa sizitheka, mayi. Pafunika wina alowe. Komanso ine sindingalembe lipoti lanu poti timadziwana. Adzabwera mnzanga wa kuntchito, Annette Hamilton."

"Mzungu?"

"Mzungu, koma munthu wabwino."

"Adzalowa zipinda zonse?"

"Zonse, mayi."

Mayi Agatha anangoyang'ana m'kapu yawo. Kenako anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi zija. Ketrina anaona khitchini yoyera bwino, bafa, chipinda chogona. Koma fulati za mtundu umenewo ankazidziwa ngati kwawo: iliyonse imakhala ndi balaza lalikulu la zenera lotulukira kunja, loyang'ana kumsewu. Chithunzi cha balazalo panalibe. Atafunsa, mayiwo anati foni inawathera moto.

Ali m'basi pobwerera, Ketrina anakumbukira kuti pa Amalawi onse a kutchalitchi panalibe amene analowapo kwa Mayi Agatha. Amayi a Mvano akafuna kukawaona, iwo ankati tikumane kwa Hope. Anamufunsa Isaac maganizo ake. Isaac anati mwina asunga katundu wa malemu osakhudza chilichonse. Joanna, m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, anati mwina agogowo akuweta nkhuku.

Mkati mwa sabata imeneyo Ketrina anali ndi ntchito ku Partick. Atamaliza chakumadzulo, miyendo inamutengera kumsewu wa Mayi Agatha. Anayang'ana mmwamba. Mazenera ena onse anali bwinobwino, koma la pamwamba linali lachita nthunzi, madzi akuyenderera pagalasi, ndipo kuseri kwa katani kunkawala kuwala kofiirira. Anaima pamenepo kanthawi, kenako anaimba foni.

"Mayi, ndili pansi pano. Sindinabwere za ntchito. Ndangofuna kukuonani."

Chitseko cha pansi chinalira n'kutseguka.

Atafika pamwamba akupuma mwawefuwefu, anapeza mayiwo ataima pakhomo, atamanga chitenje pamwamba pa juzi. Sanalonjerane nthawi yaitali. Mayi Agatha anamutsogolera pakhonde n'kugwira chitseko cha balaza.

"Musandiseke," anatero.

Chimene chinayamba kumufika Ketrina chinali fungo la dothi lonyowa, lija limamveka mvula yoyamba ikagwa. Kenako kutentha. Mipando munalibe kupatula umodzi. Pansi ponse panali zidebe ndi mabeseni. Munali tsabola wa kambuzi atabereka psuu, chinangwa, bonongwe, nkhwani woyanga pachingwe mpaka pa kabati, ndi kamtengo ka papaya kowonda. Pazenera panaima nthochi, masamba ake atafika kudenga n'kupindika. Pamwamba pake panalendewera nyali ziwiri zofiirira.

Ketrina analephera kudzigwira. Anayamba kuzungulira, akugwira tsamba ili ndi ilo, mafunso akungotuluka. Zimakula bwanji dzuwa kulibe? Dothi analikweza ndani masitepe onsewa? Nanga nthochi anaipeza kuti?

Mayi Agatha anakhala pampando uja n'kufotokoza. Anayambitsa ndi Bambo Sylvester, ndi njere za tsabola wouma amene mlendo wina anawabweretsera. Anangofuna kuona ngati zingamere. Zitamera, anayesa bonongwe. Nthochi anaigula ili kakang'ono kusitolo ya maluwa, ogulitsawo n'kuwauza kuti ndi yokongoletsa chabe. Dothi ankakweza pang'onopang'ono m'chikwama chogulira zinthu.

"Atamwalira ndinati ndisiye, koma m'mawa uliwonse ndinkapezeka ndanyamula ketulo ya madzi. Nanga ndikanaonetsa ndani? Aneba akaona nyalizi angati ndikulima chamba. A kutchalitchi angati Agatha mutu wazungulira."

"Nthochiyi inaberekapo?"

"Olo kamodzi. Bambo ankati ikudikira tibwerere kwathu."

Anaseka onse awiri. Kenako Ketrina anapempha chilolezo, natulutsa kachipangizo kake m'chikwama n'kukagunditsa pakhoma la pazenera. Kanalira, kusonyeza chinyontho. Kuseri kwa nthochi pepala la pakhoma linali litamatuka, nkhungu yakuda itayala. Anasuntha chidebe chimodzi n'kuponda thabwa la pansi. Linali lofewa pang'ono.

"Mayi, izi Annette adzaziona, ndipo adzazilemba. Sangazibise, ndipo inenso sindingamupemphe kutero. Koma nyumbayi sinawonongeke. Zomerazi zikatuluka, mazenera n'kutsegulidwa, mmisiri n'kusintha matabwa awiri kapena atatu, khoma liuma."

"Zituluke zipite kuti?"

Lamlungu lotsatira Mayi Agatha anabwera kutchalitchi ndi kathumba ka tsabola wa kambuzi, n'kukaika patebulo la tiyi. Amayi anakazungulira, akununkhiza, akufunsana kuti wabwera kuchokera kumudzi ndani. Mayiwo anayang'ana Ketrina, kenako ananena okha kuti tsabolayo amalima m'balaza mwawo, ndipo zomerazo zikufuna kopita.

Loweruka lake masitepe a ku Partick aja anadzaza Amalawi, wina akutsika ndi beseni, wina ndi chidebe. Neba wa pansi, bambo wachikulire wa ku Glasgow komweko, anatuluka kudzaona phokosolo, ndipo anabwerera m'nyumba mwake atanyamula tsabola. Papaya anakwera Subway, sitima ya pansi pa nthaka, ndi banja lina. Nthochi yokha inakana kudutsa pakhomo. Isaac anaidula ndi mpeni wa buledi Mayi Agatha atatembenukira kukhitchini, ndipo amayi a Mvano anagawana masamba ake kuti akakulungire mkate. Patsinde pake panali ana awiri. Mmodzi anapita kwa Hope, wina Mayi Agatha anamupatsa Ketrina.

Annette anabwera patapita milungu ingapo, khoma litayamba kuuma. Analemba za chinyontho chotsalacho monga anachipezera, ndipo fulatiyo inagulidwa ndi banja lachinyamata chilimwe chisanafike.

Masiku ano Mayi Agatha amakhala ku Gorbals, ndipo ali ndi kabedi ka ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Nthochi ya Ketrina ili ku bafa kwawo ku Maryhill, kumene Isaac amadandaula kuti imamukwapula kumaso akamameta ndevu. Mayi Agatha amaimba foni pafupipafupi kufunsa ngati yatulutsa tsamba latsopano, ndi kumukumbutsa kuti asaithirire madzi ozizira a pampopi, ayambe wawafunditsa.