Chingwe Chomwe Chinagwa M'denga la a Nasibeko

Fungo la fodya amene akupsa m'balani silichoka m'mphuno mwa munthu wokulira papulazi. Limayamba ngati la mbatata yootcha, koma likafika kukhosi limakanda. Ku Tengwe, papulazi pomwe ndinabadwira, linkabwera mvula ikafika pakati ndipo linkalowa paliponse, m'mabulangete, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa. Ababa ankasonkha moto m'mabalani. Amayi ankasoka fodya kushedi, ndipo manja awo ankada ndi utomoni womwe sopo ankaulephera. Ine, Enelesi, ndinali mtsikana wa kupulaimale, miyendo ngati ndodo, wonunkha fodya ngati wina aliyense.

Pulaziyo inali itasintha mwini. Mzungu anapita, minda inagawidwa, ndipo ife apakomboni, antchito a papulaziyo, tinatsala m'nyumba zomwezo mwa chifundo cha mwini watsopano amene ankakhala ku Harare. Wotiyang'anira tsiku ndi tsiku anali folomani wake, a Marufu, Mshona wamimba yaikulu amene ankadana ndi milandu kuposa ulesi. Lamulo lawo linali limodzi: wobweretsa phokoso pakomboni anyamule katundu. Anzathu Achishona akathamangitsidwa ankapita kumudzi kwawo. Ife kwathu kunali komweko. Agogo anachokera ku Dedza ali mnyamata n'kufera papulazi pomwepo, ndipo Dedzayo tinkangoitchula ngati malo a m'Baibulo.

Nyengo imeneyo ndi yomwe ndinagwidwa matenda a mabuku. Aphunzitsi athu anali ndi bokosi lachitsulo pakona ya kalasi, lodzaza mabuku a nthano, ena otsala m'nyumba ya mzungu, ena Achishona omwe anabwera nawo okha. Ambiri analibe zikuto, ena chiswe chinali chitalawako. Ankabwereketsa limodzilimodzi, ukabweza utenge lina. Ndinkawerenga pamzere wa kumpopi, powotha dzuwa kuseri kwa balani, poyang'anira ndiwo pamoto, mlongo wanga Yohane ali kumsana. Ndiwo zinapserera kosawerengeka ndipo makutu anga anakokedwa mpaka kuzolowera. Chizungu chambiri chinkandipitirira, koma mawu ovuta ndinkangowalumpha ngati matope a m'njira. Chomwe ndinkafuna chinali kudziwa zomwe zichitike kutsamba linalo.

Vuto la mabuku opanda zikuto n'lakuti amafanana. Kangapo konse ndinafika kunyumba Lachisanu ndili mwee, kutsegula buku n'kupeza kuti ndinaliwerenga kale, ndiye Loweruka ndi Lamlungu zapita pachabe. Komanso, ndisabise, ndinali ndi matama, ndinkafuna kuona ndi maso anga kuchuluka kwa zomwe ndamaliza. Ndinayesa kuzilemba kumapeto kwa kope la masamu. Koma pepala papulazi ya fodya silikhalitsa. Ababa analing'amba n'kupichiramo fodya wawo, ndipo nditadandaula anandiyamikira kuti linali lofewa bwino.

Ndiye ndinatola chingwe chosokera fodya kushedi. Buku likatha ndinkamanga mfundo, n'kumangiriramo kanthu kondikumbutsa nkhani yake. Batani la jekete linaimira mwamuna amene anabwerera kuchokera kumigodi n'kupeza mkazi wake atakwatiwa ndi mng'ono wake. Nthenga ya nkhanga inali ya mlenje wosochera. Buku lililonse lomwe munafa munthu ndinkalimangira kansanza kofiira, ndipo m'mabuku amenewo anthu ankafa osati masewera. Nkhani ya nkhalamba yakhungu yomwe mkamwini wake anaigulitsira galu ndinaimangira ubweya womwe ndinazula kumchira wa galu wathu. Dzino langa lam'mbali litaguluka ndili pakati pa buku lina, nalonso ndinalimangirira. Kwa ine chingwecho chinali chokongola kwambiri.

Yohane anali pamsinkhu woika chilichonse m'kamwa, choncho ndinkachibisa m'denga, kuseri kwa khitchini yathu. Amayi sindinawaonetse, chifukwa akanangoti ndi zomwe zikupsereza ndiwo. Makhitchini apakomboni anamangidwa mogundana, udzu wathu n'kulowana ndi wa oyandikana nawo, a Nasibeko. Ine sindinkasamala kuti udzu wa yani wathera pati. Ndinkangolowetsa dzanja mpaka m'chigongono n'kuchisiya.

A Nasibeko anali ndi khanda lodwala. Linkatsekula m'mimba, liwombo litalowa, kulira kwake kukumveka ngati kwa kamphaka. Masiku angapo m'mbuyomo anali atakangana ndi Amayi kushedi polimbirana ndodo zosokerapo fodya, ndipo Amayi, amene pakamwa pawo sipankachedwa, anamaliza ndi mawu akuti, "Tionana." M'mawa wina a Nasibeko anasolola udzu wouma m'denga kuti akolezere moto, poti nkhuni zinali zitanyowa. Chingwe changa chinagwera pamapazi pawo, ndi mfundo zake, nthenga, ubweya, nsanza zofiira ndi dzino la munthu.

Lero sindingawaimbe mlandu. Mayi aliyense wapakomboni akanaganiza zomwezo. Dzuwa lisanakwere nkhani inali itafika kumpopi, kushedi ndi kumabalani kuti Amayi aika mankhwala m'denga la mnzawo kuti aphe mwana. Anawaonetsa Amayi chinthucho chili pakamtengo, iwo analumbira kuti sanachionepo, ndipo ankanena zoona. A Marufu anati mlandu ukambidwa Lamlungu anthu akatuluka m'tchalitchi. Anawonjezera kuti ngati palibe wofotokoza za chinthucho, banja lathu likhale litachoka Lolemba, chifukwa iwo sangataye fodya wa abwana kaamba ka anthu oopana pashedi.

Zonsezi ine sindinazidziwe. Nkhani za ufiti sauza ana, amati ukazimva umalota nazo. Ndinkangoona zachilendo. Tikafika kumpopi amayi ena ankasiya kucheza n'kusuntha zidebe zawo. Anzanga ankaitanidwa kwawo ndikangoyandikira. Ababa ankabwera kuchokera kumabalani maso ali ofiira ndi utsi, kudya msangamsanga, n'kubwerera. Loweruka ndinapeza Amayi akulonga mapoto m'thumba la feteleza, ndipo nditafunsa anati akufuna kuzira pansi. Sindinalimbane nazo, ndinali ndi chisoni changa. Ndinali nditamaliza buku, ndinapisa dzanja m'denga, chingwe palibe. Ndinamuganizira Yohane, ndipo ndinamutsina pantchafu ngakhale sakanafikira denga atakwera pamtondo.

Lamlungu masana akuluakulu anasonkhana kushedi, ana tonse atatithamangitsa. Ine anandisiyira Yohane. Analira kufuna bere mpaka kuuma, ndinamuvinitsa, ndinamupatsa madzi, osatheka. Pomaliza ndinamubereka n'kulowera kushedi, ndikudziwa kuti andikalipira. Mkati munali mdima ndi kutentha, fungo la fodya wouma litasakanikirana ndi la thukuta ndi mafuta odzola a Lamlungu. Amuna anakhala pamabelo, akazi pansi. Amayi anali okha pakati, miyendo atatambasula, maso pansi. Patsogolo pawo panayalidwa chiguduli, ndipo pachigudulipo panali chingwe changa, anthu atachitalikira ngati njoka.

Ndinangopita n'kuchitola.

"Ndi changa ichi. Anachitenga ndani?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Kenako mayi wina kumbuyo ananena motsitsa mawu kuti, "Mwaona, aphunzitsa ndi mwana yemwe." Amayi anandiyang'ana ndi nkhope yomwe ndinali ndisanaionepo. Sanakwiye. Anangokhala ngati magazi onse awathawa. Ine m'pamene mantha anandigwira, osadziwa kuti ndikuopa chiyani.

A Marufu anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kundiitana mosakaniza ndi Chishona. "Iwe mwana, huya pano. Usaope. Taura, nena, chinthu ichi n'chiyani?"

"Ndi mabuku, ababa."

"Mabuku api? Ine ndikuona dzino."

Ndinatsegula pakamwa n'kuwaonetsa pomwe linachoka, lina litayamba kale kusuzumira. Kenako ndinagwira mfundo yoyamba n'kuyamba kufotokoza. Yohane ankandikoka tsitsi, koma nkhanizo ndinkazidziwa kuposa pemphero la m'mawa. Ndinanena za mlenje, ndinanena chifukwa chake nsanza zinali zofiira. Anthu ankamvetsera nkhope zili gwa, ndipo ndinkaona kuti ena akuti mwanayu amuphunzitsa bwino bodza. Nditafika pabatani, pa mwamuna wa kumigodi, a Marufu anakweza dzanja.

"Iro ndinoriziva. Tinaliwerenga kusukulu limenelo. Pomaliza mwamuna uja anamutema mkaziyo ndi nkhwangwa."

"Ayi, sanamuteme."

"Anamutema. Ine ndine wamkulu, ndikukumbuka."

Mtima wanga ndi wa Amayi, suchedwa. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi munthu amene atigwirira nyumba. "Mukunama, ababa. Nkhwangwa anaitenga, koma anakadula mtengo wa mango womwe anadzala tsiku la ukwati. Kenako anamusiyira mng'ono wakeyo jekete n'kukakwera basi."

Amayi anagwira pakamwa. A Marufu anandiyang'ana kanthawi, mimba yawo n'kuyamba kugwedezeka, kuseka kusanatuluke. "Ichokwadi," anatero. "Ndimamuyesa. Mwana akunena zoona, ndi mango." Anatembenukira kwa anthu. "Vanhu vaMwari, mwandidyera Sondo yanga, tsiku lopuma, chifukwa cha mwana wowerenga mabuku."

Kuseka kunayamba pang'onopang'ono, kwa anthu amene akuchita manyazi koma mtima watsika. Mkulu wina amene ankagwira ntchito ndi Ababa analoza ubweya n'kufunsa kuti nanga uwo, ndipo ndinafotokoza za nkhalamba yakhungu ndi galu wake. Anthu anasendera pafupi. Nditaima, mkuluyo anafunsa ngati galuyo anabwerera kwa mbuye wake. Ndinati sindikudziwa, masamba omalizira wina anang'amba. Amuna angapo anayamba kuyang'ana kudenga.

A Nasibeko okha sanaseke. Anali atakhala pakona, khanda lili pamiyendo, misozi ikutsika. Chomwe chinkadwalitsa mwana wawo ankaganiza kuti achipeza, tsopano analibenso pogwira. Anapempha kuti chingwecho chiotchedwe ndithu, kuti mtima wawo ukhale pansi. A Marufu anavomera, ndipo anati thirakitala ikamapita kukatenga nkhuni m'mawa iwatengeko a Nasibeko ndi khandalo mpaka kukiliniki. Ababa ndi amene anachilanda m'manja mwanga n'kukachiponya m'ng'anjo ya balani. Ndinalira mokweza, ndikuponda pansi, pamaso pa komboni yonse.

Madzulo ake Amayi anatulutsa mapoto m'thumba n'kuwabwezera pamalo pake, limodzilimodzi, pang'onopang'ono. Anaphika nyemba zomwe ankasungira alendo. Sananditchulire za ulemu kwa akuluakulu, sanandikoke khutu. Pakati pa kudya anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, kenako kuseka kachiwiri, ndipo Ababa anangoti, "Idyani, mayi a Enelesi." Ine ndinadya nditatupa, nditawafulatira onse. Ndinkaona kuti munthu wolakwiridwa tsiku limenelo ndinali ine ndekha, ndipo palibe amene anandipepesa.

Khanda lija linachira. Linakhala masiku angapo kuchipatala n'kubwerako masaya atayamba kubwerera. Amayi ndi a Nasibeko sanakhalepo mabwenzi, koma fodya asanapite kumsika anali atayambiranso kupemphana mchere. Aphunzitsi atamva nkhaniyi anandilola kuti buku lililonse lomwe ndamaliza ndiziliika chizindikiro cha pensulo patsamba la pakati, pomwe osuta safika msanga. Lamlungu lina masana amayi ena ankandiitana kuti ndiwafotokozere zomwe ndawerenga uku akulukana tsitsi. Omwewo amene ankasuntha zidebe.

Kwa zaka zambiri nyengo imeneyo ndinkaikumbuka ngati nyengo yomwe anandiotchera mabuku. Ndinali wamkulu kale, wa ana anga, pomwe ndinawafunsa Amayi tikusenda mtedza pakhonde kuti kodi Yohane akanapanda kulira tsiku lija, Lolemba tikanalowera kuti. Ndinkayembekezera kuti atchula wachibale wina wa ku Darwendale kapena ku Beatrice amene sindinkamudziwa. Iwo sanadzutse mutu.

"Pamsewu wa ku Karoi, ukangodutsa mlatho, pali mtengo wa muhacha," anatero. "Ndinapita kukauona Lachisanu lake. Unali ndi mthunzi wabwino, ndipo madzi sanali kutali."