Ndinawasiya Ataima Kunja kwa Mpanda

Ndinakwatiwa m'zaka za Chitaganya, tauni ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Amuna anga anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo tinkakhala ku Kapata. Masana ankasiya makina n'kupalasa njinga kudzaona ngati ndili pakhomo. Ndikapita kukatunga madzi, ndinkawaona ataima chapatali. Mwamuna akangondipatsa moni, kunyumba ndinkakalandira makofi.

Ine ndinkanyadira. Zipsera ndinkazionetsa kwa anzanga ngati mikanda yatsopano. Azakhali anga ankati, "Mwana wanga, mwamuna wopanda nsanje alibe nawe ntchito."

Tsiku lina wogulitsa makala anandisenzetsa thumba kumsika. Ndinali ndi pakati. Amuna anga atamva, anandikankhira pamtondo, mimba n'kuchoka. Kuchipatala analira kuposa ine, mpaka kugubuduzika pansi. Amayi ena m'wodimo anati, "Koma bambowa amakukondani!" Ndinawayang'ana akulira choncho, mtima wanga n'kuuma gwa.

Nditachira ndinabwerera kwathu ku Mtenguleni. Lamlungu lililonse amuna anga ankabwera pa njinga n'kuima kunja kwa mpanda. Alongo anga ankafuna kuwathamangitsa ndi chibonga, koma ndinawaletsa. Ndinkafuna azibwera ndithu. Ndinkasamba, kudzola mafuta, n'kukhala poonekera ndikuswa mtedza, uku ndikuseka ndi anyamata ochokera kutchalitchi. Madzi akumwa sindinawapatseko, ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo.

"Tiye kunyumba, mkazi wanga," ankatero. "Popanda iwe ndifa."

"Mubwere sabata yamawa, mwina ndidzakhala nditaganiza bwino," ndinkayankha mokoma, ndikudziwa kuti ku Kapata sindidzapondakonso.

Anaonda mpaka malaya odzisokera okha kumawalendewera. Ntchito inayamba kuwakanika, makasitomala n'kuthawa, ndipo Mmwenye anawachotsa pakhonde. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinapha nkhuku.

Wansembe wa kwathu anandiitana n'kunena kuti ndikhululuke, popeza munthuyo wazunzika mokwanira.

"Bambo, iwo akuyenda ndi miyendo yawo," ndinatero. "Nanga mwana wanga ali kuti?"



Mvula itagwa amuna anga anasiya kubwera. Anthu anati anakwera lole yopita ku Halale. Ine ndinatenga khasu n'kukalima munda wa amayi. Chimene chinandiwawa n'chakuti anatopa msanga.