Miyala ya M'chitini cha Nsomba

Pawindo la chipinda changa pali kamwala koyera, kodzaza ndi timabowo ngati buledi wouma. Adzukulu anga amati ndi chigoba cha nkhono, ndipo sindiwatsutsa. Kamwalako kanachokera kunyanja yamchere ku Tanzania. Kanawoloka malire pa Songwe m'thumba la amalume, zaka zimene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la dzikolo.

Amalume, amene kwathu tinkawatcha asibweni, anali mesenjala pa ofesi ina ya boma ku Karonga. M'chipinda cholandirira alendo munali thanki yagalasi imene mzungu wina anasiya pochoka, ndipo m'menemo munkasambira tinsomba tabuluu ndi tachikasu ta kumiyala ya ku Chilumba. Palibe anatuma amalume kuti azisamala nsombazo. Anangozitola monga munthu amatolera mwana wamasiye. Pakona ya thankiyo panali chitini chodzaza miyala yamabowo ija, ndipo kapampu kolira ngati njuchi kankakankha madzi kuti azidutsa m'miyalamo.

Nthawi imeneyo miyalayo sinali yoyera. Inali yakuda, yoterera, yonunkha ngati munda wa mpunga madzi akamaphwa. Kamodzi pamwezi amalume ankatunga madzi m'thanki momwemo, kuthira m'beseni, n'kugwedezamo theka la miyalayo pang'ono chabe, n'kuibwezera ikadali yakuda. Theka linalo linkadikira mwezi wamawa. Sopo ayi, madzi apampopi ayi, dzuwa ayi.

"Muphwa wane, litsiro ili ndi lamoyo," ankandiuza, ponditchula mwana wa mlongo wawo m'chiyankhulo chakwathu. "Ndi limene limadya zoipa za nsomba. Ukalipha, wapha nsomba."

Ndinkavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkaseka. Ndinali ndi zaka khumi, ndiye ndinkadziwa zonse. Aphunzitsi anali atatiuza kuti chilichonse choterera ndi majeremusi, ndipo amayi ankanena poyera kuti mlongo wawoyo chibadwire sanatsukepo kapu n'kuyera. Ine ndinkati amalume angopezera ulesi wawo dzina labwino.

Chilimwe chimenecho kunatentha moti mchenga unkaotcha mapazi tisanafike n'kusukulu komwe. Mango anali asanapse pamene tinamva kuti kukubwera anduna. Maphunziro anaima, ife tinkangoyeserera nyimbo pansi pa mtengo mpaka mawu kusasa. Amuna onse aboma, amalume omwe, anatengedwa masiku atatu kukapaka njereza miyala ya m'mbali mwa msewu ndi matsinde a mitengo. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawabe, chifukwa dziko lathu masiku amenewo linkaopa fumbi kuposa njala.

Amayi ndi azimayi anzawo anaitanidwa kukakolopa ofesi ija, ndipo ine ndinawatsatira nyimbo zitatha. Tinapeza akalaliki aakulu, bambo wa kumwera wa nsapato zonyezimira, akuyendera chipinda chilichonse. Atafika pathanki anaviika chala m'chitini, kununkhiza, n'kukwinya nkhope.

"Anduna adzaone zimenezi? Zonse ziwale!"

Amayi anali chogwada akupaka polishi pansi, ndipo sanadzutse mutu. Ine ndinalumpha. Ndinakhuthulira miyala yonse m'beseni, osati theka, n'kupita nayo pampopi kuseri kwa ofesi. Ndinaikwecha ndi burashi ndi sopo waufa mpaka zala zinatukusira. Ndinapempha madzi otentha a m'ketulo ya tiyi n'kuithira, kenako ndinaiyanika pa lata padzuwa la Karonga lija. Pofika masana inali mbee, ndipo ndinaibwezera m'chitini. Akalaliki anaitana azimayi onse kuti aone mwana wodziwa ntchito, ndipo anandipatsa switi yofiira. Ndinaimung'unya pang'onopang'ono njira yonse, ndikuganizira nkhope ya amalume akadzaona kuti miyala yawo imayera ikapeza munthu.

Tsiku la anduna ndinazemba pamzere wa ana asukulu m'mamawa, n'kuthamangira kuofesi. Madzi a m'thanki anali ngati otsukira mpunga. Nsomba zonse zinali pamwamba, mimba chagada, kupatula imodzi yachikasu imene inkangoyasamula pakona. Kapampu kankalirabe. Amalume anali ataima pamenepo, njereza ikadali m'mikono. Anatola mwala umodzi, kuununkhiza, n'kundiyang'ana. Sanakalipe.

"Luta ku ŵanyako," anatero motsitsa mawu, kundiuza kuti ndipite kwa anzanga.

Sindinapite. Ndinkadikira kuti andiyamikire. Za nsomba ndinkati zafa ndi kutentha, pakuti mwezi umenewo nkhuku zomwe zinkafa.

Posakhalitsa analowa atcheyamani a chipani ndi anyamata awiri a malaya ofiira, amayi ndi azimayi ena ali pambuyo ndi maluwa. Atcheyamani anayang'ana nsombazo nthawi yaitali. Anati nsomba sizifa zokha tsiku lobwera anduna, alipo wathiramo mankhwala kuti anyoze boma, ndipo munthuyo atchulidwe. Ndinayang'ana akalaliki. Iwo anali akuyang'ana nsapato zawo zija. Bambo ameneyo ndinamukhululukira mochedwa kwambiri, ngati ndinamukhululukira n'komwe. Mawu amodzi okha akanakwana, koma anasankha kusunga mpando.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti mankhwala panalibe, miyalayo ndinatsuka ndine. Dzanja la amayi linafika msanga kuposa mawu anga. Linali lonunkha polishi, ndipo linanditseka mwamphamvu moti mlomo unang'ambika pa dzino.

"Yayi, bwana," anatero amalume. "Ndatsuka ndine. Ndinalakwitsa, ndinathira sopo."

Mwina zikanathera pa makofi. Koma mmodzi wa anyamata aja anatola mwala n'kufunsa kuti miyala yotere imapezeka mumtsinje uti, ndipo wina pakhomo anayankha kuti ndi ya ku Tanzania. Atcheyamani anamwetulira. Anafunsa amalume kuti kumeneko amakakumana ndi ndani, ndipo sanadikire yankho.

Madzi anakatayidwa kuseri, nsomba ndi miyala momwemo, ndipo m'thankimo anaikamo maluwa. Ndinamva pambuyo pake kuti anduna anadutsa m'chipindacho osaiyang'ana n'komwe. Amalume anali atakwezedwa kale m'galimoto ya apolisi. Anabwerako patapita mvula ziwiri, mano akutsogolo mulibe, ntchito itapatsidwa wina. Sanafotokozepo kumene anali, ndipo ife sitinafunse. Ankalima chinangwa, ndipo galimoto ikaima pamsewu ankalowa m'nyumba. Ndili ku sekondale ndinawerenga m'buku za tizilombo tosaoneka timene timakhala m'miyala yosefera madzi n'kumadya poizoni wa ndowe za nsomba. Mesenjala wosamaliza sukulu uja ankanena zoona. Anamwalira ndisanapeze mtima wowauza kuti pepani, ndipo zimenezo sindingaloze chala chipani, ndi zanga.

Koma tsiku lija ndinalibe maganizo amenewa. Ndinazungulira kuseri kwa ofesi, ndinatola kamwala kamodzi m'matope, kukapukuta ndi yunifolomu n'kukaika m'thumba. Ndinabwerera pamzere ndipo ndinaimbira anduna mokweza kuposa anzanga onse. Pobwerera kunyumba ndinayamba kulira. Amayi anandigwira dzanja n'kumanditonthoza kuti asibweni abwera, ndisalire. Iwo ankayesa ndikulirira mlongo wawo. Ine ndinkalira ndi mkwiyo. Miyala ndinakwecha ndine, zala zinatukusira zanga, koma amalume anaima pamaso pa anthu onse n'kunena kuti anatsuka ndi iwo, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake munthu wamkulu angalande mwana ntchito yake.